Asiyeni Apikisane, Chipani si Munda wa Munthu

Chipani cha ndale chikamayandikira msonkhano wake waukulu wosankha munthu wodzachiimira pa mpando wa pulezidenti, pamabuka mawu amene makutu athu anawazolowera. Wina akangoonetsa khumbo lopikisana ndi mwini mpando, akuluakulu a chipani amathamangira ku wailesi kukalengeza kuti mpandowo uli ndi munthu kale. Magavanala a m'zigawo amaitana atolankhani n'kunena kuti chigawo chawo chagwirizana pa dzina limodzi, ngakhale palibe amene anafunsa mamembala a kumudzi. Wofuna mpandoyo amatchedwa wamwano, wogawanitsa anthu, wotumidwa ndi adani. Ife tikamva zimenezi timavomereza ndi mitu, n'kumati atambala awiri salira m'khola limodzi, mikangano imapha chipani.

Abale ndi alongo, ganizo limeneli ndi lolakwika, ndipo m'Malawi muno ndi ochepa amene alipira mtengo wake kuposa ife a m'mbali mwa nyanja ndi a chigawo chakum'mawa. Anthu awiri kapena asanu kulimbirana mpando umodzi ndi chizindikiro choti chipanicho chili ndi moyo. Zipani zathu zakhala zikugumuka pamene mpikisano unatsekedwa, pamene munthu mmodzi analoza chala n'kunena kuti wolowa m'malo ndi uyu, ndipo onse ofunsa chifukwa anaonetsedwa khomo. Umboni wake suli kutali, tinauona ndi maso athu.

Tiyambe ndi chipani chimene makomo ambiri kuno akhala akuchitcha chawo. Pa chisankho cha 1994 chipani cha UDF chinapeza mipando 85 m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1999 chinapeza 93. Chinali ndi akuluakulu ochokera m'madera ndi m'zipembedzo zosiyanasiyana: a Aleke Banda a ku Nkhata Bay, a Justin Malewezi a ku Ntchisi, a Brown Mpinganjira a ku Mulanje, a Cassim Chilumpha a ku Nkhotakota, ndi ena ambiri. Ndime 83 ya malamulo aakulu a dziko inali yodziwika kwa onse, yoti pulezidenti amalamulira matemu awiri a zaka zisanuzisanu, choncho aliyense ankadziwa kuti a Bakili Muluzi adzatsika mu 2004. Nthawi yokonza mpikisano wabwino pakati pa akuluakuluwa inalipo yokwanira. M'malo mwake mphamvu za chipani zinathera pa ntchito yofuna kusintha malamulo. A Mpinganjira anapezeka ali kunja mu 2001 n'kuyambitsa gulu la NDA. Pa 4 Julaye 2002 bilu yochotsa malire a matemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha, ndipo ina yopempha temu yachitatu, imene inabwera kumayambiriro kwa 2003, nayo sinadutse.

Zitakanika zimenezi, chitseko cha mpikisano sichinatsegulidwebe. M'chaka cha 2003, msonkhano waukulu usanachitike, dziko linauzidwa kuti woimira UDF ndi a Bingu wa Mutharika, ndipo wachiwiri wawo ndi a Chilumpha. A Binguwa anali atapikisana ndi a Muluzi mu 1999 pansi pa chipani chawo cha United Party, ndipo sanapeze ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 aliwonse. Nthumwi zinaitanidwa pambuyo pake kudzaombera m'manja nsima yophika kale. Anthu amene anavutikira chipanicho kuyambira nthawi ya riferendamu anaona kuti alibe mwayi ngakhale woyesa. A Aleke Banda anachoka n'kukakhala wachiwiri wa a Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano Coalition. A Malewezi, amene anakhala wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira 1994, anachoka n'kuima paokha. Matenda omwewo anatsikira m'madera, kumene madandaulo pa zisankho zachipulula anachititsa ambiri kuima paokha. Pa chisankho cha 2004 aphungu oima paokha pafupifupi 40 anapambana, ndipo UDF inatsika kufika pa mipando 49.

A Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 aliwonse. Miyezi isanu ndi inayi isanakwane, pa 5 Febuluwale 2005, anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Chipani chimene chinapambana chisankho chinadzuka m'mawa chili ku mbali yotsutsa. Ambiri kuno anakutcha kusayamika, koma tiyenera kufunsa chimene chinapangitsa kuti kuchokako kukhale kosavuta chotero. Munthu amene wapeza mpando poyenda boma ndi boma, kupempha nthumwi za ku Makanjira, za ku Ntaja, za ku Chipoka kuti zimusankhe, amakhala ndi ngongole kwa anthu masauzande, ndipo sangachoke osang'amba mizu yake yomwe. Munthu wopatsidwa mpando ndi munthu mmodzi amamangidwa ndi chingwe chimodzi chokha. Awiriwo akayambana chingwecho chimaduka, chipani chonse n'kugwa chagada. A Chilumpha, amene anatsala mu UDF ali wachiwiri kwa pulezidenti, anamangidwa mu Epulo 2006 pa mlandu woukira boma, ndipo chipani chawo chinalibe mphamvu yowatchinjiriza.

Phunziro linali poyera, koma silinamveke. Mu Epulo 2008 UDF inachita msonkhano waukulu, ndipo a Muluzi anapeza mavoti 1,950 pamene a Chilumpha anapeza 38. Wina adzati umenewu ndiye mpikisano umene tikuufuna. Koma nthumwi zinavota zikudziwa kuti funso la ndime 83 lili pamutu pa munthu amene zikumusankha, ndipo chipani sichinakonze njira ina yoti chidzadzere zinthu zikavuta, chifukwa kulankhula za njira ina kunkaoneka ngati kunyoza atcheya. Mu Malichi 2009 bungwe loyendetsa zisankho linakana a Muluzi. Pa 16 Meyi khoti linagwirizana nalo, kutatsala masiku atatu kuti anthu aponye voti. Pa pepala lovotera pulezidenti panalibe dzina la munthu wa UDF, ndipo otsatira chipanichi anauzidwa kuti avotere a John Tembo a MCP, chipani chimene analimbana nacho kuti demokalase ibwere. Mipando inatsika kufika pa 17. Mu 2014 inali 14, mu 2019 inali 10. A Atupele Muluzi, amene anatenga utsogoleri mu 2012 pambuyo pa mkangano wina ndi gulu la a Friday Jumbe, anapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 aliwonse mu 2014, ndipo mu 2019 sanafike pa asanu.

Sitikunena izi ponyoza a Bakili Muluzi. Ana athu ambiri analowa m'kalasi chifukwa cha sukulu yaulere ya 1994, ndipo ufulu umene tikulembera nkhani inoyi iwo anaugwirira ntchito pamodzi ndi anzawo. Koma kulemekeza munthu sikutanthauza kubisa manambala. Kuchoka pa 93 kufika pa 10 si ntchito ya adani okha. Chipani chimene chinayamba ngati nyumba ya anthu a zigawo zonse chinafota mpaka kutsala m'maboma owerengeka a kuno kwathu, ndipo kufotako kunayamba pamene chinaleka kulola anthu ake kupikisana.

Tisaganize kuti nthendayi ndi ya UDF yokha. A Bingu, amene anaona ndi maso awo zotsatira za kudzoza munthu, anachitanso zomwezo. Mu Disembala 2010 DPP inachotsa a Joyce Banda ndi a Khumbo Kachali pa nthawi imene akuluakulu a chipani ankalengeza mmodzimmodzi kuti woimira chipani mu 2014 ndi a Peter Mutharika, mng'ono wake wa pulezidenti. Mu Epulo 2012 a Bingu anamwalira, ndipo mayi amene anapirikitsidwa uja ndiye analumbira kukhala pulezidenti, DPP n'kupezeka kunja kwa boma. Mu 2018 gulu lina m'chipanimo linafuna kuti malemu Saulos Chilima apikisane pa msonkhano waukulu. Mpata sunapezeke, iwo anachoka n'kuyambitsa UTM, anapeza mavoti pafupifupi 20 pa 100 aliwonse mu 2019, ndipo mu 2020 anathandiza kuchotsa DPP m'boma. Mkangano wotsatira, wa a Mutharika ndi a Kondwani Nankhumwa, unatha zaka zoposa zitatu ukuzungulira m'makhoti, mpaka a Nankhumwa anachotsedwa mu Januwale 2024.

Otsutsana nafe ali ndi mayankho awo, ndipo tiwamve bwino. Loyamba ndi la MCP ya 2003. Kumeneko mpikisano unalipo, a Tembo anagonjetsa a Chakuamba, koma wogonjayo anachoka n'kuyambitsa Republican Party. Mu 2004 mavoti a awiriwa pamodzi anaposa theka la mavoti onse, koma poti anali ogawikana, a Bingu anadutsa pakati pawo. Kodi si umboni woti mpikisano umagawa? Tikumbukire kuti awiriwa anafika pa msonkhano umenewo atatha zaka akukokana, aliyense akuchititsa msonkhano wakewake ndi kusumirana kukhoti, moti panalibenso lamulo limene mbali zonse zinkalikhulupirira. Nkhanga zinapangana kusanapse. Pamene malamulo a mpikisano sanagwirizanidwe nthawi ikadalipo, wogonja amapeza chifukwa chokanira. Chipani chomwecho chinaonetsa mbali ina mu Ogasiti 2013, pamene anthu ambiri anapikisana poyera, mmodzi mwa iwo ali a Lovemore Munlo amene anakhalapo mkulu wa majaji, ndipo nthumwi zinasankha a Lazarus Chakwera, munthu watsopano m'ndale. Chipani chimene ambiri ankati chakalamba chinatsitsimuka, ndipo mu 2020 chinabwerera m'boma patapita zaka 26.

Yankho lachiwiri ndi lakuti DPP inachotsa opikisana, a Mutharika anadutsa pa msonkhano wa Ogasiti 2024 popanda wolimbana nawo, ndipo mu Seputembala 2025 anapambana bwinobwino. Zoona. Koma a Chakwera nawonso anadutsa pa msonkhano wa MCP mwezi womwewo popanda wolimbana nawo, ndipo anagonja. Pa anthu awiri osapikisidwa, mmodzi anayenera kupambana basi. Anthu anavota akumva ululu wa mitengo ya chimanga ndi feteleza, atatopa ndi mizere ya mafuta, ndipo anasankha pakati pa mayina amene anawapeza papepala. UDF nayonso inapambana mu 2004, ndipo tonse tikudziwa kumene chipambano chimenecho chinathera. Kupambana kamodzi sikuchotsa funso limene linazengerezedwa. A Mutharika ali mu temu yawo yachiwiri, ndipo malinga ndi chigamulo chimene chinatsekereza a Muluzi mu 2009, chipani chawo chiyenera kupeza munthu wina. MCP, UTM ndi UDF nazonso ziyenera kuyankha funso la amene adzaziimire. Nyengo ya mikangano imeneyi ikubwera m'zipani zonse, n'chifukwa chake tikulankhula lero.

Yankho lachitatu ndi loti za m'chipani ndi za eni chipani, ife akunja tisalowerere. Ndime 40 ya malamulo aakulu a dziko imalamula boma kupereka ndalama kwa chipani chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ndalama zimenezo ndi msonkho wa mayi wogula sopo ndi mchere pa Namwera, ndi wa msodzi wogula mafuta a injini pa Msaka. Komanso munthu amene nthumwi masauzande ochepa zamusankha m'holo ya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ndi amene anthu mamiliyoni amadzamupeza papepala lovotera. Pofika tsiku loima pamzere, chisankho chachikulu chimakhala chitachitika kale kwina. Ngati sefa ya kumeneko ili yong'ambika, ufa umene utifike ife udzakhala ndi gaga, ngakhale bungwe loyendetsa zisankho litawerenga mavoti athu mwachilungamo chotani. Ndipo kuyambira pa chigamulo cha khoti cha Febuluwale 2020, wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Munthu wolephera kukopa anzake a m'chipani popanda kuwaopseza adzakopa bwanji theka la dziko?

Ana athu ambiri ali ku Joni, ndipo angatiuze zimene anaona kumeneko mu Disembala 2017. Pa msonkhano wa ANC mu mzinda wa Johannesburg, a Cyril Ramaphosa anapeza mavoti 2,440 ndipo a Nkosazana Dlamini-Zuma anapeza 2,261, kusiyana ndi mavoti 179 okha. Mpikisano unali wowawa, ndipo sunali woyera, chifukwa nkhani za ndalama za kampeni zinafika mpaka kukhoti. Koma mayi wogonjayo sanathamangitsidwe, ndipo sanathawe. Patangopita miyezi iwiri anakhala nduna m'boma la munthu amene anawagonjetsa. ANC ili ndi mavuto ake ambiri ndipo sitikuiika pamwamba, tikungoonetsa kuti ndi zotheka mu Africa muno munthu kulimbirana mpando ndi mnzake n'kukhalabe naye nyumba imodzi.

Tsono titembenukire kwa ife eni, chifukwa wodzoza sadzoza yekha, pamafunika anthu oombera m'manja. Nthumwi zimene zimakwera mabasi kupita ku misonkhano imeneyi si alendo. Ndi achimwene athu, amalume athu, amayi a pamudzi pathu pano. Nyengo ya msonkhano waukulu ikafika, ofuna mipando amayenda usiku ndi maenivelopu, ndipo nkhaniyi si yobisika kwa aliyense. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti, koma lamulo lilibe maso m'chipinda cha malo ogona alendo. Amene ali ndi maso m'menemo ndi wolandirayo, komanso Mulungu amene amamuona. Munthu wotumidwa ndi nthambi ya chipani wanyamula amanah ya anthu amene anamutuma. Akaigulitsa ndi ndalama yongokwana matumba awiri a feteleza, wagulitsa mawu a mudzi wonse kwa zaka zisanu, ndipo dzina la chimene walandiracho timalidziwa, ndi chiphuphu. Tisachiveke nsalu pochitcha ndalama ya mayendedwe.

Palinso mawu akuti "munthu wathu", amene atigoneka tulo nthawi yaitali. Takhala tikuuzidwa kuti tisafunse mafunso chifukwa mtsogoleri ndi wa kwathu kapena timapemphera naye limodzi. Mu 2008 opikisana onse awiri anali Asilamu, mmodzi wa ku Machinga wina wa ku Nkhotakota, ndipo chipembedzo sichikanatha kutisankhira. Chimene chinkafunika ndi kufunsa kuti ndani amene lamulo limulola kuima, ndani amene angakope anthu a ku Dowa ndi a ku Rumphi. Mafunsowo akanafunsidwa mokweza, mwina otsatira UDF sakanafika pa tsiku lovota opanda munthu wawo papepala. Wandale amene akudziwa kuti voti yathu ili kale m'thumba mwake alibe chifukwa chobwera kudzamva za makalasi odzaza, za atsikana osiya sukulu, za nsomba zimene zikuchepa m'nyanja, za anyamata amene akugulitsa katundu wa makolo kuti apeze ya ulendo wa ku Joni. Kumene kuli mpikisano, ofuna mpando amakakamizika kubwera kudzamva, chifukwa akapanda kubwera mnzawo abwera.

Tiwapemphenso mashehe athu, atsogoleri a misikiti ndi mafumu athu kuti asalole kugwiritsidwa ntchito ngati chidindo. Wofuna mpando akabwera ndi malata kapena simenti pa nthawi ya mkangano wa m'chipani, akudziwa chimene akugula. Chithunzi chimodzi ali pakati pa akuluakulu a chipembedzo chimauza nthumwi kuti dera lasankha kale. M'safu imodzi mumaima anthu a magulu onse a chipani, ndi a zipani zina, ndi osakhala m'chipani chilichonse. Ndale zikatha, onsewo adzafunikabe kunyamula jeneza imodzi. Timaphunzitsa ana athu ubwino wa shura, kukambirana zinthu zisanagamulidwe. Kuitanitsa anthu kudzavomereza zimene munthu mmodzi wagamula kale si kukambirana, ndipo ana amene akutionawa akudziwa kusiyana kwake.

Zimene tikufuna kwa chipani chilichonse chodzapempha voti yathu ndi zochepa komanso zomveka. Tsiku la msonkhano waukulu lidziwike nthawi ikadalipo, lisamasunthidwe pofuna kutopetsa opikisana. Mndandanda wa nthumwi uikidwe poyera miyezi ingapo msonkhano usanafike, kuti pasakhale kusintha makomiti a m'maboma usiku. Munthu asachotsedwe m'chipani chifukwa chongonena kuti akufuna mpando, ndipo komiti yosungitsa mwambo isasanduke chikwanje cha mwini mpando. Ndalama yolembetsera isakwezedwe mpaka kutsekereza onse osakhala olemera. Voti ikhale yachinsinsi, yowerengedwa pamaso pa nthumwi za opikisana onse ndi anthu osakondera. Magavanala ndi akuluakulu a komiti yaikulu aleke kulengeza wopambana anthu asanavote. Wopambana asunge wogonja pafupi, chifukwa amene anamuvotera wogonjayo ndi anthu a chipani chomwecho. Wogonja pa mpikisano wachilungamo akhale, adikire nthawi ina, asathamangire kukasokesa nsalu za chipani chatsopano.

Ife amene si nthumwi tili ndi gawo lathu. Tcheyamani wa nthambi timamudziwa, timakumana naye pamsika ndi pamaliro. Timufunse kuti amene adzapite ku msonkhano m'dzina lathu ndani, anamusankha ndani, ndipo akadzabwera adzatiuza liti zimene anakachita. Tikamva pa wailesi kuti uje walengeza zopikisana ndi mtsogoleri, tisafulumire kumutcha wamwano. Timve kaye zimene akunena, timve zimene mnzakeyo akuyankha, ndipo tiumirire kuti onse awiri afike pa bokosi. Mtsogoleri wokondedwa moona alibe chifukwa choopa kuwerengedwa kwa mavoti a anthu ake omwe. Amene akuopa kuwerengedwa akutiuza chinthu china, ndipo ndi bwino tichimve chisankho cha 2030 chisanafike, nthawi yosintha ikadalipo.